Mizere Yosapopera ya a Nzunga

A Gracian Nzunga a ku Tsangano akalambira m'munda wa mbatatesi. Bambo awo anathera unyamata ku migodi ya ku Joni, nabwerako ndi njinga ndi chifuwa. A Gracian ulendo umenewo anaukana, natsala pamunda wa m'mbali mwa phiri. Kumeneko chifunga chimachedwa kuchoka, ndipo chiwawu, matenda aja owaula masamba a mbatatesi, sichisowa chaka. Koma m'munda mwa a Nzunga sichinkalowa. Ankapopera mankhwala mvula yamawawa isanakhazikike, ndipo m'mawa uliwonse ankayendera mizere yawo, manja kumbuyo, osayankhula ndi munthu.

Mwana wawo wotsiriza, Tikondwe, ndiye anapita patali ndi sukulu. Atatenga digiri ya zamakompyuta anagwirako ntchito ku Blantyre, kenaka anabwerera ku yunivesite kukachita digiri yachiwiri, ija amati masitazi. Dzinja lina anatulukira kumudzi, laputopu ili kumsana.

"Bambo, ndikuphunzitsa kompyuta kuzindikira chiwawu," anatero. "Mlimi azingojambula tsamba ndi foni, iyo izimuuza ngati ladwala, matenda asanafale."

"Ungoiuza kuti tsamba limada kuyambira m'mphepete."

"Siimva choncho. Imafuna ione zithunzi zambirimbiri, kuyambira kadontho koyamba mpaka tsamba kuuma."

"Ndiye mutu wake ndi wa amalume ako," anatero a Nzunga.

Zithunzi zimene Tikondwe anapeza pa intaneti zinali za masamba akunja, ojambulidwa patebulo loyera. Pulogalamu yake ikaona tsamba lakuno, lothimbirira ndi dothi, inkasokonezeka. Popanda zithunzi za ku Tsangano, kafukufuku wake sakanatha chaka chimenecho.

Anayenda m'minda ya anthu kupempha, koma anamukaniza. Munthu salowa m'munda mwa mnzake mbewu zili pamaluwa, n'kumawerama mzere ndi mzere. Ena ankaopa kuti zokolola zichoka ndi foniyo. Ena ankangoti, "Mwana wa a Nzunga wabwera kudzatiseka."

A Nzunga ankamuona akubwera madzulo, nsapato zili matope okhaokha. Sanamufunse kanthu. Tsiku lopopera litafika anapopera munda wonse, koma atafika pa mizere yakumunsi anatsitsa mpope kumsana, nabwerera kunyumba.

Chiwawu sichinachedwe. Tikondwe ankagwada m'mizeremo m'mawa uliwonse mame asanaume, kujambula tsamba pamwamba ndi pansi. Bambo ake ankaima chapatali, maso ali kuphiri. Chiyambire kulima anali asanaonererepo mbewu ikufa mankhwala ali m'nyumba.

Kumunsi kwa mizere imeneyo kunali munda wa a Paison, mnzawo amene ankaweta naye mbuzi paubwana. Tsiku lina a Paison anaima m'malire, chipewa chili m'manja.

"A Nzunga, maso ayamba kutha? Kapena mankhwala mwathira mu tiyi?"

A Nzunga anafotokoza mwachidule.

"Ohoo, ndiye mukuweta chiwawu ngati nkhumba. Chabwino. Nanga khola lake mwamanga pati? Mphepo ija, inu mukudziwa, imatsikira kwanga."

A Nzunga anali atangoganiza za mbatatesi zawo, zimene anali atavomereza kale kutaya. Za mphepo sanaganize.

M'mawa mwake anatsikira m'malire muja. Pamzere woyamba wa a Paison anapeza timadontho, ndipo kunsi kwa masamba kunali kankhungu koyera. Anakwera pamene Tikondwe anagwada.

"Zakwana, Tiko?"

"Zikadali zochepa, bambo. Bwenzi mutayembekeza pang'ono kuti masamba ena afike pouma."

"Jambula mpaka masana. Kenaka ndizula."

Tikondwe atayang'ana kumunsi, kumene bambo ake ankayang'ana, anaika foni m'thumba. Masana anazula onse awiri, nakwirira zonse m'dzenje kutali ndi minda. Atatha, a Nzunga anabereka mpope nalowa m'munda mwa mnzawo.

A Paison anawapeza ali pakati pa ntchito.

"Mwayamba ganyu pa msinkhu umenewu? Ine ndilibe cholipira."

"Chachokera kwanga ichi," anatero a Nzunga osaima.

A Paison anawerama, natembenuza masamba angapo.

"Mzere wam'malirewu wapita kale, ngakhale muusambitse. Poperani inayo, uwu muusiye mpaka mkucha, tidzazula. Muuzeni mwanayo abwere ajambule. Poti chafika kale, chisangodya chabe." Anavala chipewa. "Koma nkhope yanga asajambule. Kompyutayo ingati nanenso ndili ndi chiwawu."

Tikondwe analowa m'mundamo dzuwa lisanalowe, a Paison akumukwezera masamba ndi kamtengo. Amayi ena a kutsidya kwa khwawa anaima n'kumaonerera. Ataona kuti mwini munda akuseka, anaitana: "Ukatha uko ubwere kuno, mwanawe. Kwathu ndiye chachita kumanga mudzi."

Zithunzi zinakwana mvula isanathe, ndipo Tikondwe anabwerera ku yunivesite kukalemba. Munda wa a Paison unapulumuka, kupatula mzere umodzi uja. Pokolola, a Nzunga anayamba kukumba kwa mnzawo, kwawo pambuyo.