Nambala ya pa makina a amalume

Amalume anga anali telala. Sukulu anaisiyira panjira, koma masamu sanawasiye. Ankatha kukuyang'anani kamodzi n'kutchula muyezo wa m'chiuno mwanu, tepi ili pakhosi. Azimayi ena ankakwiya nazo, chifukwa sankaphonya.

Ankasokera m'kachipinda kakuseri kwa sitolo ya nsapato, momwe munali zenera limodzi ndi mpando wa makasitomala wothyoka mwendo. Pakhosi pa makina awo osokera panali kachitsulo kodindidwa nambala 78976187. Ena tikanangoipukuta fumbi, koma iwo anafuna kudziwa ngati inali m'gulu la nambala zimene ankazitcha zamakani, zija zosagawika ndi nambala ina iliyonse popanda chotsala, kupatula 1 ndi izo zomwe.

Njira yawo inali ya munthu wosathamanga. Analemba okha mndandanda wa nambala zamakani, kuyambira 2, 3, 5, 7 mpaka kutsogolo. Tsiku lililonse la ntchito, nthawi ya nkhomaliro, ankatenga imodzi n'kugawa nayo nambala ya pa makinayo, pamanja, m'kope. Imodzi yokha patsiku. Azakhali ankawaseka kuti anakwatira mitala, mkazi wachiwiri ndi kopelo. Anachita zimenezi zaka zitatu ndi miyezi, ndipo tsiku lililonse pamakhala chotsala.

Ine ndiye ndinaononga. Ndinali nditangoyamba ntchito ku ofesi, ndipo ndinkadzimva kwambiri. Lolemba lina ndinapita kukapinditsa thalauza, n'kuwapeza atangomaliza kugawa kwa tsikulo.

“Amalume, mukudzivutitsiranji? Tandiuzeni nambalayo,” ndinatero ndikutulutsa foni.

“Ayi mphwanga, isiye. Ndithana nayo ndekha,” iwo anayankha.

Sindinamve. Ndinawerama, n'kuiwerenga ndekha pa kachitsulo paja, n'kuilemba m'foni. Yankho linabwera ndisanaphethire.

“Si yamakani iyi! Ndi 7,919 kuchulukitsa ndi 9,973. Basi, pumulani tsopano,” ndinatero mano onse pamtunda, ndikudikira kuti andithokoze.

Amalume anatsegula kope lija n'kutsetsereka ndi chala pamndandanda wawo. Tsiku limenelo anali atagawa ndi 7,883. Pansi pake panali 7,901, kenako 7,907, kenako 7,919. Chala chinaima pamenepo.

“Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi,” anawerenga chapansipansi. “Lachinayi ndikanaipeza.”

Anatseka kopelo, n'kutenga thalauza lija m'manja mwanga. Analipinda bwinobwino ngati kuti palibe chachitika, ndipo sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Patapita sabata ndinabwerera nditalemba nambala ina yaikulu papepala, kuti ayambirenso. Anaiyang'ana, n'kundibwezera mwaulemu.

“Iyinso foni yako ikuidziwa kale, si choncho?”

Ndinavomera ndi mutu, manyazi atandigwira.

Anasoka zaka zina zisanu ndi chimodzi maso asanafooke. Nthawi ya nkhomaliro ankangokhala pakhomo la kachipindako, manja pamaondo, kuonerera anthu odutsa. Nthawi zonse ndikawapeza choncho mtima unkandiwawa, koma m'malo mopepesa ndinkangoyamba nkhani za nyengo. Anamwalira ndisanawauze kuti ndinalakwa. Anali atapirira zaka zitatu, ine ndinalephera kutseka pakamwa masiku atatu.