Nyimbo ya m'Takisi ya Amalume a Lakhdar

Amalume anga a Lakhdar anayendetsa takisi pakati pa mizinda ya Oran ndi Tlemcen kuyambira ndisanabadwe mpaka mutu wawo unachita mbuu. M'galimotomo munali kaseti imene mmalinyero wina anaiwala pa mpando wakumbuyo. Inali nyimbo ya Chingerezi yoyenda modekha, ya gitala ndi piyano, mwamuna wa mawu ofewa akudandaula. Amalume Chingerezi sankachidziwa, koma ankaimba nawo mokweza, mawu ongopeka okha.

Akazi awo, azakhali a Zoulikha, ankawaseka kuti mwina akutukwana apaulendo osadziwa. Komabe pa ukwati uliwonse wa kwathu, oimba ng'oma akatopa, nyimboyo inkaikidwa ndipo awiriwo ankavina.

Mwana wawo Nawel atayamba kuphunzitsa Chingerezi anawamasulira nyimboyo. Anati si nyimbo ya ukwati ayi, ndi munthu amene mkazi wamuchokera, akupepesa madzi atafika kale m'khosi.

"N'chifukwa chake imandikoma," anatero amalume. "Mnzangayo anachedwa. Ine amayi akowa ndimawapepesa ndisanalakwe n'komwe."

Kenaka azakhali anagwa kukhitchini. Sitiroko inawapha dzanja lamanja n'kuwalanda mawu. Ankamva zonse, koma pakamwa pankangotuluka mpweya, ndipo ankalira ndi ukali. Amalume anaimika ntchito ya takisi. Anaphunzira kuwasambitsa, kuwapesa tsitsi, ndi kuphika kusikusi, chakudya cha tirigu cha kwathu, chimene tonse tinkadya mwaulemu chabe.

Miyezi inapita choncho. M'mawa wina ndinawapeza pakhonde la m'mwamba, azakhali akuothera dzuwa. Kunsi, pa malo omwera khofi, achinyamata anatsegula nyimbo ija pa foni, pakuti nawonso amaikonda ngati yatuluka dzulo. Itafika pamene mawu amakwera, azakhali anaimba. Anaimba mzere wonse momveka, ndi mawu opotoka aja a amuna awo. Amalume anaika pansi kapu ya tiyi mosamala, n'kulowa m'bafa, ndipo tinamva madzi akutayika kwa nthawi yaitali.

Dokotala wophunzitsa odwala kulankhula sanadabwe. Anati kuimba kumadzera njira ina m'mutu, ndipo njirayo ikhoza kunyamulanso mawu ena. Anawalangiza kuti aziika zofuna zawo m'maimbidwe omwewo. Azakhali anayamba ndi kupempha madzi, kenaka mayina a ana. Chiganizo choyamba chathunthu anachiimba pa chakudya cha Lachisanu, tonse tilipo.

"Lakhdar, mchere wachuluka."

"Alhamdulillah," anatero amalume pothokoza Mulungu. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikuuchulutsa dala kuti mudandaule."

Lero azakhali amalankhula pang'onopang'ono, ndipo mawu akawathawa amawasaka ndi nyimbo. Dzanja lija silinachire. Amalume sanabwererenso pa msewu wa ku Tlemcen. Masiku a chipatala amanyamula odwala ena a m'dera lathu amene anataya mawu, ndipo amauza abale awo kuti abwere ndi nyimbo imene wodwalayo ankaikonda.

Bambo wina mwa odwalawo, wophika buledi, a kubanja kwake analephera kukumbukira nyimbo ngakhale imodzi. Ali m'njira anadutsa pafupi ndi bwalo la mpira, ndipo bamboyo anayamba yekha nyimbo ya ochemerera timu, yotukwana ndithu. Mkazi wake anaphimba nkhope ndi mpango, akuseka ndi kulira, ndipo amalume anachepetsa liwiro kuti munthuyo aimalize.