Masikuluwu a mng'ono wanga

Chitseko cha nyumba ya amayi ku Kasisi chinali ntchito yanga. Bambo atamwalira, chinkapendama kawirikawiri, makamaka m'dzinja, n'kumakhula pansi. Amayi ankangoimba foni: "Iwe, chitseko chayambanso." Ine ndinkanyamuka ku Palabana ndi hamala ndi sikuludilaiva m'thumba. Mabowo a mahinji anali atakula, choncho ndinkatsekamo timitengo ta machesi kuti masikuluwu agwire. Ntchito ya ola limodzi ndinkaigwira tsiku lonse, chifukwa pakati pake panali tiyi, mbatata ndi nkhani za kumudzi ku Katete. Pakatha miyezi iwiri machesi aja ankatha mphamvu, foni n'kuliranso.

Loweruka lina ndinapeza mng'ono wanga wa ku Lusaka atafika kale, malaya oyera ngati akupita ku ukwati. M'manja anali ndi kamakina kachikasu komangira masikuluwu, kopanda waya, batire lili kumunsi.

"Akulu, pumulani," iye anatero. "Nipaseni chabe mpata."

Anataya machesi anga pansi, n'kutenga masikuluwu aatali ngati chala. Kamakina kanalira katatu pa hinji iliyonse, basi ntchito yatha. Madzi a tiyi anali asanawire n'komwe. Amayi anatsegula ndi kutseka chitseko kangapo, akuseka, mpaka anaitana mayi wa nyumba yoyandikana nayo kuti adzaone. Kwa zaka khumi ndi ziwiri palibe amene anaitanidwapo kudzaona machesi anga. Nsanje inandigwira, sindibisa. Ndinati zinthu za batire sizikhalitsa, tidzaona mvula ikagwa.

Mvula inagwa mpaka kusiya, chitseko chili nji. Kamakina kaja n'kabwino ndithu, ndipo n'chifukwa chake ndinkadana nako. Foni yanga inangoti zii. Tinkaonana ndi amayi ku maliro ndi pa Khirisimasi, pakati pa anthu ambiri. Kungopita osaitanidwa ndinalibe chizolowezi chake. Ndikanafika ndi mawu oti chiyani?

Tsiku lina ndinapita dala pa nthawi imene amayi amakhala kudimba. Ndinagwada pa chitseko ndi sikuludilaiva yanga, ine bambo wa imvi, kuti ndimasuleko pang'ono masikuluwu awiri okha. Ndinapotokola mpaka m'manja munatuluka matuza. Sanasunthe n'komwe. Ndinatukwana mng'ono wanga chamumtima, pamodzi ndi malaya ake oyera.

"Ufuna chani na chitseko changa?"

Amayi anali ataima kumbuyo kwanga, dengu la repu pamutu. Ndinati ndikungoona ngati chikadali bwino. Anayang'ana sikuludilaiva, kenako manja anga, n'kutula dengu lija.

"Machesi yako yaja n'nali kuyachosamo nekha na singano, kuti ubwere," anatero. "Aya masikuluwu ya mng'ono wako nayesa, yanikanga, siyachoka. Nyamuka, ugogode monga anthu ena. Madzi yali pa moto."