Tsamba la Kumutu kwa Bedi la a Morton

A Ludoviko Mwamba anaphunzira Chilatini zaka zisanu ndi chimodzi ku seminale, koma atafika ku Amereka mu 1993, ntchito imene anaipeza inali yosambitsa nkhalamba. Dziko limeneli limatero ndi anthu ophunzira.

Nkhalambayo inali a Morton a ku Springfield, amene anali atatha zaka ziwiri osalankhula chidwalireni sitiroko. Akadali ndi mphamvu ankagula masamba a nyimbo za tchalitchi za m'Chilatini, olembedwa pamanja pa zikopa za ana a ng'ombe zaka mazana asanu zapitazo, zizindikiro za kaimbidwe kake zooneka ngati timabokosi. Amalonda amang'amba mabuku a amonke n'kumagulitsa tsamba limodzilimodzi, ogula n'kupachika pakhoma ngati kalendala, kuwerenga osadziwa. Tsamba lina linali m'galasi kumutu kwa bedi. Kunja kukachita chinyontho, chikopacho chinkapindika chokha ngati chikufuna kutembenuka.

Tsiku lina masana, Lorraine, mwana wa a Morton, anawapeza a Ludoviko akuliyang'anitsitsa tsambalo.

"Kani mumatha kuwerenga timabokosi timeneti? Aimbireni adadi."

"Mayi, iyi ndi nyimbo yoperekezera maliro kumanda. Kwathu sitiimba m'nyumba muli wodwala. Ikaimbidwa, wina amapita."

"Ludo, ndi chokongoletsa khoma basi! Kapena ndiuze a kampani yanu anditumizire wina wosaopa zithunzi?"

Ana atatu a a Ludoviko, kunyumba ku Wheaton, ankadyera pa ntchito imeneyo. A Ludoviko anaimba, maso ali pachifuwa cha wodwalayo, kuona ngati chikukwerabe. Tsambalo linathera pakati pa liwu, poti lotsatira lake linagulitsidwa kwina, kaya kwa yani. Iwo anasiyira pomwepo.

A Morton anapitiriza. Anatola liwu lodukalo n'kulimaliza, mawu osalala ngati a mnyamata wa kwaya, m'Chilatini chimene Lorraine analumbira kuti bambo ake sanachiphunzirepo. Sankayang'ana kudenga monga mwa masiku onse. Ankayang'ana a Ludoviko, osaphethira, mpaka nyimbo inatha.

Lorraine anawomba m'manja uku akulira, n'kuthamangira foni kukauza abale kuti adadi alankhula.

Atafika kunyumba, a Ludoviko sanavule n'komwe jekete. Anauza akazi awo, a Jacinta, kuti: "Ine ndimaopera wodwala. Koma woimbiridwa uja ndinali ine."

A Morton anakhalanso zaka zina zisanu, akudya bwino. Koma a Ludoviko anagwa n'kumwalira pamalo odikirira basi patangotha milungu itatu chiimbireni nyimbo ija. Madokotala anati ndi mtima. Lorraine anatumiza maluwa ndi kakhadi, dzina atalilemba molakwika.