Mayi Veronika ndi Dziwe Lopuma

A mphakati wa Anna Woyera apempha kuti moyo wa mayi Veronika Makisoni ulembedwe m'kalata ya parishi, poti ambirife tinkangowadziwa kuti "amayi aja a kudziwe", ndipo ena, tisabise, ankapatuka njira akawaona akubwera. Ndiye mbiri yawo nayi, mmene akuikambira amene anaona ndi maso.

Mayi Veronika anabadwira konkuno kwa Mwambo. Tsiku sankalidziwa, ankangoti chinali chaka cha njala yaikulu. Makolo awo anali Alomwe olima mpunga, ndipo ana anali awiri okha, iwo ndi mlongo wawo wamng'ono, a Wilisoni. Sukulu analekera Sitandade 2, koma katekisimu anamuloweza yense, ndipo m'kwaya amati akakweza mawu ngakhale makanda ankasiya kulira.

Anakwatiwa ndi a Makisoni, msodzi wa matemba, n'kubereka mwana mmodzi, Gloria. Mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, nthawi ya dzinja, anatsatira amake kokachapa kumtsinje wa Likangala, pa dziwe lakuya lija lili kuseri kwa madimba. Amake anangotembenuka kuti afinye chitenje. Potembenukanso anapeza patapata mmodzi pamwala. Amuna anasaka masiku atatu ndi mabwato ndi nsungwi, osapeza kanthu, mpaka m'manda anaikamo thunthu la nthochi. A Makisoni sanapirire. Anakakwatira wina pachilumba cha Chisi. Dzina lake tilisunge, adzukulu ake timaimba nawo kwaya.

Kuyambira pamenepo mayi Veronika ankati akaweruka kumunda, n'kukakhala pamwala womwe uja ndi korona wawo. Anthu ndiye pakamwa! Ena ankati amacheza ndi mwanayo, ena ankati amaweta ng'ona. Mayi wina amalumbira mpaka lero kuti anawamva akufunsa madzi kuti, "Wadya?" Iwo zikawafika ankangoti, "Amene alibe manda oti asese, amasesa pamene angathe." Ndipo ankasesadi. Anadzala bango ndi mikuyu m'mbali mwa dziwe kuti gombe lisagumuke, n'kumapempha eni madimba kuti asalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Eni madimba ankawaseka.

Kenako chinafika chaka cha 1995, nyanja ya Chilwa inauma. Ife tinali tisanabadwe, koma akuluakulu akamafotokoza thupi limachita tsemwe. Amati anthu ankapita ku Chisi pa njinga. Mabwato anangokhala pa matope ong'ambika ngati aiwalika, mbalame zonse zinathawa, kunali zii moti munthu ankamva mapazi ake omwe. Masana kutsogolo kunkaoneka ngati madzi akubwerera, ukathamangira n'kupeza fumbi la mchere. Likangala naye anaduka, n'kutsala maiwe apo ndi apo. Nsomba zimene zinapulumuka zinathawira m'maiwemo, ndipo lalikulu linali lomwe lija la Gloria.

Milamba inadzazana mmenemo mochititsa mantha. Inkabwera pamwamba kudzakoka mpweya, phwa, phwa, phwa, tsiku lonse osalekeza, ngati munthu wamkulu wagona pansi pa madzi akupuma. Ana anasiya kudutsako. N'chifukwa chake mpaka lero timati Dziwe Lopuma.

Njala inali itavuta, ndiye anthu anayamba kuthira katupe m'maiwe, zitsamba zija amasinja kuti nsomba ziledzere n'kuyandama. Ena ankasakaniza ndi mankhwala opopera matimati. Dziwe likathiridwa, zonse zinkafa, ndi tiana tomwe, madzi osamwekanso. Maiwe atatu a kumunsi anatha choncho m'sabata imodzi.

Ndi pamene Che Sadiki, msodzi wachisilamu wa mudzi woyandikana nawo, anapita kukawapeza pamwala paja.

"Amake Gloria, nyanja ikadzabwerera idzapeza ndani? Mbewu ya nsomba ndi imeneyi, palibenso ina. Inu mumakhala kale pano. Tilondereni."

"Lamulungu ndimapita kutchalitchi, Che Sadiki."

"Lamulungu ndi langa. Inu mundigwirire Lachisanu, ndikaswali kumzikiti."

Anagwirizana choncho, ndipo mabanja khumi ndi awiri analowa nawo m'komiti. Koma mayi Veronika anadziwa kuti maso awiri sangalondere gombe lonse. Ndiye anachita chinthu chimene chinadabwitsa anthu. Tsiku lililonse akafika, ankatunga madzi a m'dziwemo ndi chikho, kuchita chizindikiro cha mtanda, n'kumwa anthu akuona.

"Wothira mankhwala muno adziwe kuti wathirira ine," ankatero.

A zaumoyo anawakalipira kwambiri chifukwa cha kolera, ndipo abambo mfumu anena kuti tilembe momveka kuti aliyense asayesere. Koma miyezi iwiri yathunthu palibe anayerekeza kuthiramo mankhwala.

Lamulungu lina kumudzi kwa Che Sadiki kunagwa maliro, ndipo mukudziwa kuti anzathuwa amaika tsiku lomwelo. Che Sadiki anapita kukakumba manda, dziwe n'kutsala lokha. Mayi Veronika sanamve. Anatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, atavala chitenje chawo cha mphakati, n'kuganiza zodzera kudziwe kuti akawapatse moni anzawo.

Ali chapatali anaona kuti china chake chalakwika, koma sanadziwe kuti n'chiyani. Mikuyu inali pomwepo, mwala pomwepo. Kenako anazindikira. Dziwe silinkapuma.

Atafika pagombe anapeza anthu, mwina makumi atatu, ataima m'bango ndi madengu ndi malichero. Ena anali anthu oti m'mawa womwewo anali nawo pa Misa yoyamba. Madzi anali bata ngati galasi, nsomba zinali zisanayambe kuyandama. Pakati pa anthuwo panali a Wilisoni, mlongo wawo, amene kunyumba anali ndi ana asanu ndi mmodzi, wamng'ono atatupa kale mapazi ndi njala. Manja awo anali atawabisa kumbuyo.

"Mwaswera bwanji nonse?" anatero mayi Veronika.



Iwo anavula nsapato, kutsika pamwala, kutenga chikho pamene ankachibisa. Anatunga. Anachita chizindikiro cha mtanda pang'onopang'ono, akuyang'ana anthuwo mmodzimmodzi. Mayi anga analipo, anali kamtsikana, ndipo amati munthu aliyense ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Chikho chinafika pakamwa. Khosi linayenda kamodzi.

"Achemwali, musamwe!" A Wilisoni anadumphira m'madzi ndi zovala zomwe, n'kuchimenya chikhocho. "Lavulani! Ndathira ine, ndathira kumtundaku, lavulani, mayo ine!"

"Mwathira mbali iti, achimwene?"

"Paja pa mkuyu wopindika."

"Ndiye za kumunsizi zikadali moyo. Mwabwera ndi madengu, eti? Thamangirani ndowa."

Ndipo anthu omwe aja anabwera kudzatola nsomba zakufa anayamba kuvuula zamoyo. Amuna analowa m'madzi mpaka m'chifuwa, amayi akuthamanga ndi ndowa pamutu kukazitaya m'dziwe laling'ono la kumtunda. Che Sadiki anafika kuchokera kumanda, dothi lili m'miyendo, osafunsa kanthu, n'kulowa nawo. Zambiri zinafa, zoyera mimba zili m'mwamba gombe lonse. Koma zambirinso zinapulumuka, ndipo madzi atayera anazibwezera.

Mayi Veronika anagona kuchipatala ku Zomba sabata ziwiri. Anachira, koma mawu aja sanabwerere, anatsala onong'ona okhaokha, moti kwaya anasiya. Mpaka lero anthu amatsutsana. Ena amati sankadziwa kuti muli mankhwala, ena amati ankadziwa bwinobwino. Amayi a mphakati atawapanikiza, iwo anangoti, "Ndinali ndi ludzu." A komiti atafuna kuti a Wilisoni alipitsidwe mbuzi, anakana. "Mbuziyo aitenga kuti? Apatseni Lachitatu." Basi a Wilisoni analondera Lachitatu lililonse, ndipo ana awo aja anadyera kwa azakhali awo mpaka kukolola.

Mvula itabwera nyanja inadzaza, patapita zaka zingapo matemba ndi milamba zinayambanso kugwidwa. Asodzi ena ankawasiyira nsomba pakhomo osanena dzina, koma njira ankapatukabe, poti amati munthu womwa poizoni osafa si munthu wamba. Iwo sankadandaula. Anapitiriza kudzala mitengo ndi anthu a komiti, anakakamira mpaka panakumbidwa chitsime chakumwa patali ndi dziwe, ndipo lamulo linakhazikika loti khasu lisafike mapazi khumi kuchokera pagombe. Nyanja itaphweranso mu 2018, dziwe lathu silinathiridwe kanthu. Anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo, koma Lachisanu lawo sanaliphonye, ngakhale Che Sadiki anali atamwalira kale.

Chaka chino mwezi wa Okutobala anagona osadzukanso. Abambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, analandira Ukaristia, amayi a mphakati akupemphera korona pakhonde. Masana a Lachitatu, kutentha kuli kosaneneka, anakodola a Wilisoni, amene nawonso tsopano ndi nkhalamba ya imvi.

"Achimwene, lero si lanu? Mukutani pano?"

"Ndikhale nanu, achemwali."

"Pitani mukamvere ngati likupuma. Ndikudikirani."

A Wilisoni anapita, n'kubwerera thukuta lili kamukamu. Anagwada pamphasa.

"Likupuma, achemwali."

"Chabwino," ananong'ona choncho. Anatseka maso ngati mwana wokhuta, korona ali m'manja, osatsegulanso.

Pamaliro panadzaza Akhristu ndi Asilamu, ndi omwe aja ankapatuka njira. A komiti anawerenga mayina a olondera a chaka chino, ndipo Lachisanu analifuna anthu asanu ndi awiri, mpaka anachita kukangana.

Koma pali china chimene a Wilisoni anauza mayi anga atabwera kumanda, ndipo alola kuti chilembedwe. Amati Lachitatu lomaliza lija atafika padziwe, panali zii. Panalibe mankhwala, panalibe munthu, madzi anali oyera, koma mlamba ndi umodzi womwe sunatulutse mutu. Anaima pamwala nthawi yaitali akumvetsera, n'kubwerera kukawanamiza achemwali awo kuti apite ndi mtendere. Amayi amene ankathirira madimba tsidya lija akuti nawonso anadabwa ndi bata limenelo. Ndipo akuti pamene mfuu ya maliro inamveka kuchokera kumudzi, pompo dziwe linayambiranso, phwa, phwa, phwa.

A Wilisoni anakalapa bodza lawolo Loweruka. Sitikudziwa kuti abambo mfumu anawauza chiyani, koma anatuluka akupukuta m'maso, n'kulunjika kudziwe tsiku losakhala lawo.

Ambuye awapatse mpumulo mayi Veronika, pamodzi ndi mwana wawo Gloria.