Nzimbe za Bambo M'dimba la Azakhali

Ndowa ija ndimaikumbukabe. Inali yachitsulo, yobooka kunsi, amalume atamatapo phula la pamsewu. Ndiyo tinkathirira nzimbe chaka chomwe dambo linatithawa.

M'dimba mwathu munali nzimbe za mitundu iwiri. Kumtunda kunali zoonda, zomwe amalume anabwera nazo kuchokera kuminda ya kampani komwe ankagwira ntchito yodula. Zimenezo n'zouma mutu. Dzuwa liombe chotani, zimangopinda masamba n'kumadikira mvula, koma kuti utafune nsagwada zimachita kuwawa. Kumunsi kunali zofiirira, zonenepa, zofewa moti mwana amasenda ndi mano, madzi ake chuchuchu mpaka m'chigongono. Mbewu yake anaolotsa pa Shire ndi malemu bambo. Kukoma zinkakoma, koma zinali zachibwana: zikangosowa madzi, mfundo zimathithikana, m'kati n'kuuma ngati phesi la mapira.

Chilimwe chimenecho chitsime chathu chinkangotsika. Tikakumba, mawa lake tipeza matope. Amalume anauza mayi kuti azisiye zofewazo, zimamwa ngati ng'ombe. Kunena zoona sanalakwe. Koma mayi anayankha kuti mapira umasunga m'nkhokwe, pomwe nzimbe mbewu yake ndi tsinde lamoyo. Zikauma zonse ndiye kuti zatha basi.

Tsiku lina m'mawa mayi anadula zofewa zomwe zinali zikadali ndi moyo, n'kuziduladula, n'kukulunga m'thumba lonyowa. Anandisenzetsa. Nditazindikira njira yomwe tinalowera, mtima unandiwawa. Tinkapita kwa azakhali, alongo awo a bambo, omwe anatilanda njinga ya bambo maliro atangotha. Chiyambire tsiku limenelo, iwo ndi mayi sankapatsana ngakhale moni. Koma dimba lawo linali m'mphepete mwenimweni mwa dambo, momwe phazi linkatitimirabe.

Azakhali tinawapeza m'dimbamo. Mayi anagwada pamatope pomwepo.

"Alamu, ndabwera kudzaikiza. Kwathu kwauma."

Azakhali anatola chidutswa chimodzi, n'kuchitembenuzatembenuza nthawi yaitali. Za njinga sanatchule. Anangoti izi n'za achimwene, kenaka anatenga khasu.

Zofewa zotsala kwathu zinauma zonse, mpaka zitsa zomwe. Za amalume zinapulumuka, zazifupi, ndipo mvula itagwa zinadzuka ngati palibe chinachitika. Chaka chotsatira ndinkakumana ndi ana a azakhali panjira akutafuna nzimbe zofiirira, n'kumalavula makoko patsogolo panga. Ndinkapsa mtima koopsa. Ndinauza mayi kuti anthu aja atidyera kawiri. Iwo anati ndisiye zamwano ndikatunge madzi.

Nthawi yodzala itakwana, azakhali anafika okha pakhomo akukankha mtolo wa mbewu. Anaumanga panjinga yomwe ija, ndipo atatsitsa anabwerera nayo. Sanaibweze mpaka imfa yawo. Lero nzimbe zomwezo zili kuseri kwa nyumba yanga, pomwe timataya madzi osamba, ndipo aliyense wondipempha mbewu ndimampatsa, ngakhale amene sitimwerana madzi.

Koma tsiku lomwe mtolo unafika, ine maso anga anali panjinga, misozi ili lengelenge. Ndinadabwa kuona mayi osaiyang'ana n'komwe, atagwada pamtolo, akusisita mfundo imodziimodzi. Ndinali ndisanadziwe kuti njinga amagulitsa m'masitolo a pa Ngabu, koma chamoyo chomwe bambo anatisiyira chinali mumtolomo basi.