Kamzera pansi pa dzina la mwana wawo

Chaka changa chachiwiri pa ntchito yosamalira okalamba, ananditumiza kwa bambo ena ku Romford. Anali mphunzitsi wopuma, mzungu wobadwira ku Germany, ndipo manja awo ankanjenjemera moti supuni inkafika pakamwa ilibe kanthu. Ndinkawasambitsa, kuwameta ndevu ndi kuwadyetsa m'mawa uliwonse kupatula Lamlungu.

Nkhani yawo inali imodzi basi: kholo lawo lamakedzana, mayi wa banja lachifumu amene anakhalako zaka mazana asanu zapitazo. Ankamudziwa ngati anadyapo naye mbale imodzi. Akuti anamukwatitsa ali ndi zaka khumi ndi zitatu kwa mwamuna wamkulu kuposa bambo ake, kuti minda ya mabanja awiriwo ilumikizane. Anabereka ana asanu ndi anayi, anayi n'kuwaika m'manda. Mwamunayo atamwalira, alongo ake anamupereka kwa wina misozi isanaume, ndipo atakalamba anakamusiya kwa masisitere. Bambowo ankafotokoza zonsezi akumwetulira, phala likuyenderera pachibwano.

"Iye sanadandauleko?" ndinafunsa tsiku lina.

"Ankadziwa udindo wake," anayankha. "Masiku amenewo magazi ankasungidwa bwino."

Ndinawapukuta pakamwa.

Kenako anagula chipepala chachikulu, nandipempha kuti ndiziwalembera mayina a mtundu wawo wonse, kuyambira pa mayi uja kutsika m'munsi. Tinkalemba akatha kudya, iwo akutchula chilembo chimodzichimodzi. Zinatitengera milungu itatu. Dzina lomaliza linali la mwana wawo wamkazi, yekhayo amene anali naye. Ndinkamudziwa. Anali nesi ku Edmonton, dera lina la mumzinda womwewo, ndipo Loweruka lililonse ankabwera ndi chakudya cha mlungu wonse. Mwamuna wake, wa ku Ghana, ndi amene anakhoma zitsulo zogwirira m'bafa. Ana awo awiri aakazi anali ku yunivesite.

"Tsopano amuna awo ndi ana?" ndinafunsa.

"Lekerani pomwepo. Jambulani kamzera pansi pake, kusonyeza kuti nthambi yathera apo."

"Koma adzukulu anu alipo awiri."

"Alipo, inde. Koma si apamenepa." Anayang'ana dzanja langa lakuda lomwe linagwira cholembera, nkhope ili gwa. "Inunso mukumvetsa."

Ndinaika cholembera patebulo n'kupita kukatsuka mbale. Pobwerera ndinapeza ajambula okha kamzerako, kokhotakhota, inki itadontha pambali.

Loweruka mwana wawo anachipeza chipepalacho chili pomwepo. Anatsata mayina ndi chala mpaka pansi, n'kuima nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti aching'ambe. Iye anangofunsa ngati bambo ake amwa mankhwala, kenako anagwada n'kuyamba kuwawenga zikhadabo zakumapazi. Iwo anatseka maso, akumva kukoma.

Ndinagwirabe pakhomopo milungu ina iwiri. Zonyansa za m'thupi la munthu ndinali nditazizolowera kalekale, sizinkandivuta. Koma akandigwira mkono kuti adzuke pampando, khungu langa linkachita tsembwe, ndipo ndinkasamba m'manja mpaka kuuma.

Nditapempha kuti andisinthe nyumba, abwana anga anafunsa chifukwa. Ndinawauza kuti kuchokera ku Barking, kumene ndinkakhala, mabasi amandichedwetsa. Analemba zomwezo, natumizako mayi wina wa ku Chipata. Sindinamuchenjeze, ndipo mpaka lero ndikakumana naye kutchalitchi ndimam'patsa moni ndikuyang'ana kumbali.